Khadi Lomwa Madzi

Kwa a Longwe amuna sakalambira pakhomo. Ndinazimva ndisanakwatiwe n'komwe, anamwino anzanga kuno ku Chintheche akundinong'oneza ngati akunena za matenda oyenda m'magazi. Apongozi anga aamuna anapita ku Joni amuna anga akadali kumsana, ndipo mpaka lero palibe adaona ngakhale manda awo. Mwana woyamba, a Winston, ananyamuka atangolemba mayeso a Fomu 4. Wachiwiri anatsatira. Pakhomo panatsala a Gospel okha, chitsiriza, pamodzi ndi amayi awo, Anyamanda.

Ine ndine Idesi, kwathu ndi ku Dedza. Kwathuko mwamuna akati wapita kutali ndiye kuti wakagulitsa kachewere ku Lilongwe, madzulo abwera ndi buledi. Choncho chinkhoswe chisanachitike ndinawauza a Gospel poyera, popanda kuzungulira.

"Ine sindikwatiwa ndi foni. Ngati mumtima mwanu muli Joni, nenani panopa ndidziwe chochita."

Anaseka mpaka kugwira bondo. "Ndikatani ku Joni? Joni amabwera yekha kuno mu Disembala kudzandifuna."

Sanali kunama. Ntchito yawo inali yojambula mavidiyo a maukwati, zinkhoswe ndi makwaya. Chaka chikamatha anyamata a ku Joni amabwera ndi magalimoto odzaza mpaka pamwamba, n'kukwatira motsatizana ngati akuthamangitsidwa. Aliyense amafuna vidiyo yake asanabwerere mu Januwale, kuti azikaonetsa anzake kumeneko. Kujambula sikunkawavuta a Gospel. Chovuta chinali kompyuta yawo yakale, imene inkatenga nthawi yophikira nyemba zouma kuti itulutse kavidiyo kakang'ono. Iwo ankati ikurenda. Ine ndinkati ikuphika, ndipo dzina langa ndi limene linakhazikika m'nyumba.

Tsiku lina a Winston anatumiza bokosi kudzera kwa otenga katundu. Munali chinthu chachitali ngati buledi, chakuda, chokhala ndi mafani atatu. A Gospel anachinyamula ndi manja awiri ngati khanda, n'kundifotokozera kuti ndi girafikisi khadi, kachipangizo kamene kamasenza ntchito yonse ya zithunzi m'kompyuta. Madzulo a Winston anaimba foni, mawu ali pamtunda kuti tonse timve.

"Limenelo lili ndi waranti, mphwanga. Likangovuta akupatsa latsopano. Koma ubwere nalo wekha kuno, uone mmene anthu akukhalira."

Sindinakonde kaseko kamene anamaliza nako. Koma khadilo ndinalikonda, ndisaname. Ntchito inayamba kuyenda, anthu ochokera ku Limphasa mpaka ku Dwangwa anayamba kufunsa nambala ya a Gospel, ndipo nkhani za Joni zinazilala. Ndinkalowa m'chipinda chogwirira ntchito chija n'kuliyang'ana kudzera pa galasi la kompyuta, mumtima ndikuti, "Iwe ndiye ukundisungira mwamuna."

Kenako kunabwera dzuwa la Okutobala. Amene sanakhaleko kunyanja kuno sadziwa chimene ndikunena. Malata amalira okha, munthu umasamba n'kutuluka thukuta usanapukute. Mafani a khadi lija ankabuma ngati chigayo, kompyuta n'kumabwerera ku ulesi wake wakale. A Gospel anati khadi likatentha limadzichepetsera liwiro lokha kuti lisapse, ndipo mankhwala ake ndi madzi. Ndinkayesa nthabwala. Koma anaitanitsa katundu wina: chitsulo chosalala chogoneka pa khadi, mapaipi oonekera mkati, kapampu, ndi rediyeta yonga ya galimoto koma yaing'ono. Madzi ake anabwera m'botolo, obiriwira ngati sobo wosasungunula.

Kuti chitsulo chija chikhale, panafunika kuchotsa mafani amene khadi linabwera nawo. Linali Lamlungu titaweruka kutchalitchi. M'chipindamo simulowa kuwala kokwanira, ndiye anandiitana kuti ndiwaunikire ndi foni. Pa sikuluwu imodzi panali kapepala koyera komatidwa, kochepa ngati chikhadabo cha mwana. Anaima kaye, sikuludiraiva ili m'manja.

"Ukukaona aka? Ndikangokatukula, waranti yatha. Kuyambira lero khadi ili ndi lathu tokha. Likafa, tilira tokha."

"Ndiye kuti ulendo wa a Winston wafera pomwepa?"

"Wafera pomwepa."

"Tukulani msanga," ndinatero.

Anakatukula, n'kukamata pamphumi panga. Tinaseka ngati ana. Pambuyo pake ndinakamata kumbuyo kwa foni yanga, pansi pa chikuto choonekera mkati, ndipo tsiku limenelo ndinagona mtima uli m'malo kuposa tsiku la ukwati.

Munthu akakhuta safuna kusiya mbale. Khadi litayamba kuzizira, a Gospel anaona kuti angathe kulikwapula. Ankati ndi ovakiloko, kutanthauza kulithamangitsa kuposa mmene opanga analikonzera. Anandionetsa manambala pa sikirini amene sindinawamve, n'kunena monyada kuti opanga anaika malire a moto ndi a kutentha, koma iwo awakankhira kutali.

"Ngati madalaivala aja amachotsa choletsa liwiro pa minibasi?" ndinafunsa.

"Eya, koma ine minibasi yanga ili ndi madzi."

Anaikamonso timagetsi, madzi aja n'kumawala akamazungulira. Apongozi anga ankaima pakhomo la chipindacho, manja kumbuyo, akupukusa mutu. "Chinthu cha magesi chikumwa maji! Mwana wangu, ndiwe fwiti." Koma ankanyadira. Kumpingo ankauza aliyense kuti wawo wamng'ono ali ndi makina amene ngakhale ku Joni kulibe.

Anyamanda ndi munthu wovundikira zinthu. Ndowa ya madzi, mbale, Baibulo, mpando umene pakhala mlendo, chilichonse kwa iwo chimayenera kukhala ndi kansalu pamwamba. M'nyumba mwawo, imene ili kuseri kwa yathu, muli wailesi yaikulu yamatabwa imene amuna awo anasiya popita, atanena kuti adzamvera nyimbo za Khirisimasi pomwepo. Siinalirepo chibwerere ine. Koma m'mawa uliwonse amaivundukula, kuipukuta, n'kuibwezera nsalu yake yoluka. Ndinkaseka mumtima ndikaona zimenezi, ndipo lero ndikakumbukira kuseka kumeneko ndimamva manyazi.

Linali Loweruka la pakati pa Disembala. A Gospel anali ndi ukwati wojambula ku Makuzi, ine ndinali pa ntchito. Asanachoke anasiya kompyuta ikuphika vidiyo yaitali ya ukwati wina, zenera lili pululu kuti mphepo izilowa. Cha m'ma masana ndili ku wodi ndinamva ana akukuwa panja kuti nkhungu, nkhungu. Nditasuzumira ndinaona mitambo yakuda itaima pamwamba pa madzi ngati utsi wa tchire, mphepo ikuikankhira kumtunda. Nkhungu ndi tintchentche ta m'nyanja tochepetsetsa. Tikafika timalowa paliponse, m'maso, m'mphuno, mu tiyi. Eni dera amatikola ndi malichero onyowetsa n'kupanga ndiwo, koma mkazi aliyense asanatenge lichero amayamba wathamanga kukatseka mazenera ndi kuvundikira za m'nyumba.

Apongozi anga anachita zimene achita moyo wawo wonse. Anavundikira ndowa zawo, anathamangira kwathu, anavundikira zathu. Atalowa m'chipinda chogwirira ntchito anapeza nkhungu zitaunjikana pa kompyuta, zikutsata timagetsi tija, mafani a rediyeta akuzimeza. Anatseka zenera. Anaona kuti chitenje n'chopyapyala, ndiye anatenga bulangete lathu la m'nyengo yozizira, n'kuifunditsa bwinobwino, mpaka kupinda m'mphepete kuti pasatsale kampata. Atatero anatenga lichero n'kupita kukakola ndiwo, mtima uli mbee.

Ine ndinafika kunyumba a Gospel atangofika kumene. Fungo linandilandira pakhonde, la pulasitiki wopsa. Ndinawapeza atakhala pansi pa simenti, akadali m'shati ya ukwati, bulangete lili pambali. Madzi aja anali atatentha mpaka paipi imodzi inafewa n'kupotoka pamene imalumikizana ndi chitsulo. Anadontha pa khadi likugwira ntchito. Pansi pa kompyuta panali kadziwe kobiriwira, nkhungu zakufa zikuyandama. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

Amayi awo analowa ndi mbale ya nkhungu, akumwetulira, kudzatigawira. Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana bulangete.

"Ndinguziwa cha," anatero m'Chitonga, kenako n'kubwereza m'Chichewa poyang'ana ine, ngati ine ndiye woweruza. "Sindinadziwe, mkamwana. Ndimati ndikuchisamala."

Masiku otsatira anali oipa. Eni mavidiyo ankabwera mmodzimmodzi, ena mwaulemu, ena ataimika galimoto pageti injini ili chilirire. Zojambula zawo zinalipo, sizinapse, koma kompyuta popanda khadi lija inkangokwawa. Maukwati amene anatsala anapita kwa mnyamata wina wa ku Mzuzu. A Gospel ankadzuka, kukhala pakhonde, kuyang'ana msewu. Apongozi anasiya kudya. Ndikapita ndi phala ndinkawapeza atagona choyang'ana kukhoma, wailesi ija ili ndi fumbi koyamba chiidziwire ine. Kuthamanga kwa magazi kwawo kunakwera mpaka ndinachita mantha.

Tsiku lina m'mawa a Gospel analowa m'nyumba ya amayi awo ine ndikuwayeza. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuwagwira dzanja.

"Ama, dzukani mudye. Palibe chimene mwaononga. Khadi lija lili ndi waranti, si paja munamva a Winston? Tikalibweza atipatsa latsopano."

Foni yanga inali m'manja, ndikuwerengera kugunda kwa mtima. Kapepala koyera kaja kanali pansi pa chala changa. Ndinawayang'ana, iwo n'kuyang'ana kumbali. Apongozi anatembenuka pang'onopang'ono.

"Zoona, mkamwana?"

"Zoona, amayi," ndinatero.

Anadya phala lonse, n'kupempha tiyi. Ndinatuluka ndikuthokoza mumtima kuti ndinakwatiwa ndi munthu wachifundo, wodziwa kunama bodza lochiritsa. Sindinadziwe kuti bodzalo linali ndi miyendo. Posakhalitsa ndinamva akulankhula ndi a Winston kuseri kwa bafa, mawu ali pansi. Kenako ndinaona pasipoti itatuluka m'sutikesi momwe inkakhala ndi zikalata za ukwati.

Ndinawadikira amalize kudya, chifukwa amayi anga anandiphunzitsa kusakangana ndi munthu wanjala. Kenako ndinaika foni yanga patebulo chafufumimba, kapepala kaja kakuyang'ana kumwamba.

"A Gospel, aka n'kachiyani?"

"Ndikudziwa, Idesi."

"Munati likafa tilira tokha. Ine ndakonzeka kulira. Bwanji inu mukufuna kukalirira kwina?"

"A Winston akudziwana ndi munthu wa pa shopu pomwe anagula. Akuti ndikabwezeretsa mafani ake akale, mwina sangayang'anitsitse. Koma mwini katundu ayenera kuonekera."

"Ndipo zakuti munalithamangitsa? Zakuti lapsa ndi madzi? Anthu amenewo ndi akhungu?"

"Ndiye ndizingokhala pakhonde? Anzanga akundiseka, akuti ndikudya za mkazi." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Ndikangoyesa. Zikakanika ndibwera. Taona, kamera ndikuisiya. Ukuganiza kuti ndingapite kokakhalitsa popanda kamera yanga?"

Analoza chikwama chakuda chimene chinkakhala pa msomali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Pamenepo anandigwira. A Gospel ndi kamera yawo anali ngati nkhono ndi chigoba. Ngakhale ku maliro ankapita nayo. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti waranti inafa Lamlungu lija, koma mtima ukafuna kukhulupirira umagwira ngakhale ulusi. Ndinadziuza kuti akapita, akakanidwa, aona mmene abale awo akuvutikira, n'kubwera kudzatenga kamera yawo tiyambirenso. Ndinawachapira malaya, ndinawakazingira mtedza wa paulendo.

Ananyamuka m'mawa, Januwale atangoyamba, pamodzi ndi gulu la obwerera ku Joni. Tinawaperekeza pa msewu waukulu, kudikira minibasi ya ku Mzuzu komwe amakwerera basi. Bokosi la khadi analikulunga ndi tepi mbali zonse, n'kulikumbatira pachifuwa. Kondakitala atafuna kuliika kumbuyo anakana. Apongozi analisisita bokosilo ngati mutu wa mwana wodwala.

"Ukawauze kuti wolakwa ndine. Asakukalipire iwe."

"Yewu, ama," anatero a Gospel powathokoza, osawayang'ana. Kwa ine anangoti, "Usamale kamera." Anandigwira dzanja nthawi yaitali kuposa mmene amachitira pagulu, mpaka kondakitala anamenya chitseko.

Anafika bwino. Ankaimba foni. Poyamba ankati munthu wa pa shopu ali pa tchuthi. Kenako anati khadi latumizidwa kwa opanga, tidikire. Kenako anati podikirapo a Winston awapezera kaganyu kuti asamangokhala. Ine ndikalowa kuchipinda ndinkayamba ndayang'ana kuseri kwa chitseko. Chikwama chinali pomwepo, chotupa bwino, lamba wake atapindika pa msomali. Sindinkachikhudza. Ndinkangochiyang'ana n'kupeza mphamvu zopitira ku ntchito. Anzanga akandifunsa mwachifundo chija chimapweteka, ndinkayankha mokweza kuti anga apita kukasinthitsa katundu, kamera yawo ili kunyumba.

Mvula itayamba kuchepa, nkhungu zinabweranso. Tsikulo ndinali pakhomo. Ndinatseka mazenera, apongozi n'kubwera ndi nsalu zawo monga mwa masiku onse. Chichitikire ngozi ija sankayandikira chipinda chogwirira ntchito, koma ataona chikwama pa msomali anaima.

"Ichi sichitentha, eti? Ndingachivundikire?"

"Vundikirani, amayi. Chimenecho chilibe vuto."

Anachitsitsa kuti achikutire bwino. Zipi inali yosatsekeka mpaka kumapeto, ndipo poti ndi munthu wosalola kampata, anaikoka. Inakana. Anaibweza kuti ayambirenso, chikwama n'kuyasama. Ndinamva akukuwa.

"Mkamwana! Waiwala! Mwana uja waiwala chinthu chake!"

M'chikwamamo munalibe kamera. Munali khadi lija, lokulungidwa m'malaya akale kuti chikwama chioneke chodzaza, chitsulo cha madzi chikadali pomwepo, banga lobiriwira litauma m'mphepete. Sanayese n'komwe kubwezeretsa mafani akale. Ndinakhala pabedi. Apongozi anali kale pakhomo, khadi lili m'manja, akuti tithamange kwa otenga katundu litumizidwe msanga, mwana akuvutika kumeneko popanda chinthu chimene anapitira.

Ndinawaimbira a Gospel. Anayankha kumbuyo kukumveka phokoso la magalimoto ndi chilankhulo chachilendo.

"Khadi lili pano," ndinatero.

Kenako ndinawafunsa mwachindunji.

"M'bokosi muja munali chiyani?"

"Idesi, ndimvere kaye."

"Gospel, iwe, m'bokosi muja munali chiyani?"

Chikwatiwire ndinali ndisanawatchulepo choncho. Anapuma mozama.

"Kamera. Kuno maukwati ndi ambiri. Ndikangokhazikika ndigula khadi lina, ndibwera. Ndimaopa kukuuza."

"Lini?"

"Mwina Disembala."

Ndinadula foni ndisananene zimene sindikanatha kubweza. Zinandipweteka kuti anapita, koma chimene chinandithyola ndi kuganiza kuti anakhala pansi m'nyumba yathu, ine ndikuwakazingira mtedza panja, n'kumapinda malaya mosamala kuti chikwama chindinamize bwino. Ankandidziwa. Ankadziwa pamene maso anga adzayang'ane m'mawa uliwonse.

Apongozi anali ataima pakhomo. "Akuti bwanji? Titumize?"

Ndinafuna kuwanamizanso, ndinene kuti limeneli ndi lina, lakale. Ndinangoti, "Akuti Disembala."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana khadi lija, n'kulipukuta banga ndi ngodya ya chitenje chawo. Anatuluka nalo pang'onopang'ono, nkhungu zikuwagwera pa duku. Ndinawatsatira mpaka m'nyumba mwawo. Anavundukula wailesi ya amuna awo, anaisendeza pang'ono kuti papezeke malo, n'kugoneka khadi la mwana wawo pambali pake. Nsalu yoluka ija inali yaifupi, siinakwanire zonse ziwiri. Anaikokera uku, wailesi n'kuonekera. Anaikokera uko, khadi n'kuonekera.

"Mumadziwa kuluka, mkamwana?"

"Ayi, amayi."

"Ndikuphunzitsani," anatero. "Nthawi mukhala nayo."

Pamenepo ndi pamene ndinalira.